Za Mizu ya Eklesia Wathu Kuno Kutsidya kwa Chikala

Pa masiku ano a cikondwerero nkoyenera kuti tikumbutsane njira imene Mau a Mulungu anadzera kufikira dziko lino la Nayuci ndi madambo a Chiuta. Pakuti ana athu ambiri ayesa kuti Eklesia anangomera yekha monga bowa.

Misyoni ya Blantyre inakhazikika m'caka ca 1876, ndipo m'caka ca 1884 Alexander Hetherwick anadza kudzamanga pa Domasi, m'dziko la mfumu Malemia, patsinde pa phiri la Zomba. Masiku amenewo dziko linali losakhazikika. Maulendo a akapolo anali kupita kunyanja yamcere, ndipo mfumu Kawinga anakhala m'linga lace pa Chikala, naopsa midzi yonse ya m'cigwa. Hetherwick anayamba ndi kuphunzira Ciyao, nalemba buku la cinenero cimeneco m'caka ca 1889, natembenuzanso Cipangano Catsopano, kuti anthu amve Uthenga m'kamwa mwa amai ao. M'caka ca 1895 nkhondo ya Kawinga inatsikira kwa Malemia, pafupi peni peni pa Misyoni. Koma asilikari a Boma anaibweza, nakwera pa Chikala, nagumula linga. Kuyambira pamenepo njira za kum'mawa zinatseguka.

Koma amene anayenda m'njirazo sanali Azungu, amene anali owerengeka ndi odwaladwala malungo. Anali aphunzitsi a m'midzi, onyamula buku ndi mphasa, amene anayamba apempha malo kwa mfumu, naphunzitsa ana kuwerenga pamthunzi, nalalikira tsiku la Sabata. Nchito yao inali yowawa, popeza mafumu ambiri a Ciyao ndi anthu ao anatsata Cisilamu, monga ali abale athu ocuruka kufikira lero; ndipo Mkristu wa kuno anaphunzira msanga kukhala mwaulemu ndi mnansi wa cipembedzo cina, kulira naye maliro ndi kumwera naye citsime cimodzi.

Pa za utsogoleri tiyenera kuchula David Clement Scott, amene anadza ku Blantyre m'caka ca 1881. Iyeyu anakhulupirira kuti Eklesia wa dziko lino ayenera kuweruzidwa ndi eni dziko, napatula madikoni asanu ndi awiri, ena mwa iwo Harry Kambwiri Matecheta, John Gray Kufa ndi Mungo Chisuse, nawapatsa milandu ya Akristu kuti aiweruze. Azungu ambiri a minda ndi a Boma sanakondwera naco, ngakhale ena a Misyoni omwe. Scott atacoka m'caka ca 1898 cinthuco cinazirala, ndipo kunali kufikira 1911 pamene Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa, zitapita zaka 35 ciyambire Misyoni. Ife tiyesa kuti kucedwa kumeneku kunali kopitirira, pakuti amunawo anali atasenza kale katundu wa ubusa wopanda dzina lace.

Mayesero akuru anadza m'caka ca 1915, pa nkhondo ya John Chilembwe. Kufa anaphedwa ndi Boma, ndipo aphunzitsi a Misyoni anaganiziridwa zoipa ponse ponse. Hetherwick anaima pamaso pa bwalo lofunsa mlanduwo, nakana kuti masukulu a m'midzi acotsedwe m'manja mwa aphunzitsi akuda. Ndipo masukuluwo anakhalabe.

Zotsatira tizichula mwacidule. Buku Lopatulika lathunthu linaturuka m'Cinyanja m'caka ca 1922. Blantyre ndi Livingstonia anagwirizana m'caka ca 1924 kukhala Eklesia mmodzi wa C.C.A.P., ndipo Nkhoma analowa 1926. Hetherwick anapuma nchito 1928. Mbusa Jonathan Sangaya anakhala Mlembi Wamkuru woyamba wakuda wa Sinodi ya Blantyre m'caka ca 1962, ndipo njanje yocokera ku Nkaya inafika pa Nayuci m'caka ca 1970, nipeza Akristu alikupemphera kale mbali zino.