Wailesi ndi Chicheŵa pa Nthaŵi ya Tsoka ku Kadoma ndi Chegutu

M'nkhani ino tifuna kufunsa funso limodzi: pamene tsoka linagwera anthu olankhula Chicheŵa a ku Kadoma ndi Chegutu, m'dziko la Zimbabwe, kodi uthenga unaŵapeza bwanji, ndipo m'chinenero chanji?

Mizinda iŵiriyi, imene kufikira chaka cha 1982 inkatchedwa Gatooma ndi Hartley, inakula chifukwa cha golide ndi thonje. Migodi monga wa Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi wa Dalny ku Chakari, pamodzi ndi mafamu a azungu, inakoka amuna ambiri a ku Nyasaland, kum'maŵa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete. Ena anabwera ndi Mthandizi, ena anayenda okha ulendo wapansi. Ambiri anatchona, ndipo Chinyanja chinakhazikika m'makomboni.

Wailesi yoyamba kulankhula nao m'chinenero chao inali kutali, ku Lusaka. Inayamba m'chaka cha 1941, ndipo pambuyo pake, itatchedwa Central African Broadcasting Station, inkaulutsira anthu akuda a maiko onse atatu. Mu 1949 kunabwera kawailesi ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kogulidwa ndi mapaundi 5. Chaka chomwecho njala yoopsa inagwa kummwera kwa Nyasaland, makamaka m'boma la Blantyre. Megan Vaughan, amene anafufuza za njalayi, anaonetsa kuti akazi olandira ndalama kuchokera kwa amuna ao a kunja anapirira bwino kuposa osiyidwa opanda chithandizo. Motero kumva msanga za kumudzi kunali nkhani ya moyo wa ana. Koma kawailesiko kanali katangofika kumene, ndiponso mtengo wake unali wolemera kwa munthu wa pa mgodi. Mbiri ya njala inayenda ndi makalata ndi pakamwa pa alendo.

M'zaka zotsatira anthu ankasonkhana madzulo pa wailesi imodzi kumvera aulutsi onga Alick Nkhata. Chitaganya chitatha mu 1963, wailesi ya Lusaka inakhala ya Zambia, Malaŵi anatsegula MBC mu 1964, ndipo ya ku Salisbury inkalankhula makamaka Chishona ndi Chindebele. Wotchona anatsala pakati. Wailesi zolankhula chinenero chake zinkanena za mvula ya dziko lina, pamene yonena za mvula ya pakhomo pake inkalankhula chinenero cha eni dziko.

Zinthu zinasinthako mu 1982, pamene ZBC inatsegula Radio 4, imene pambuyo pake inatchedwa National FM, nipatsa Chicheŵa mpata pamodzi ndi Chitonga, Chivenda, Chikalanga ndi zinenero zina. Komabe mpatawo unali wogaŵana, ndipo mau ankachokera ku Harare. Pa chilala cha 1991 mpaka 1992, pamene dziko linadya chimanga chachikasu chotchedwa Kenya, wailesi inkatha kulengeza kuti chakudya chaloŵa m'dziko, koma tsiku ndi malo ochipezera munthu ankamvera kwa mnzake. Pa mliri wa kolera wa 2008 ndi 2009, umene unapha anthu opitirira 4,000 m'dzikomo nukantha Chegutu koopsa mu Disembala 2008, funso lopulumutsa moyo linali lakuti ndi chitsime chiti chaipa. Funso lotere wailesi ya dziko lonse siingaliyankhe. Limayankhidwa kutchalitchi, kumzikiti, m'mabungwe a maliro ndi pamzere wotunga madzi. Mu Febuluwale 2019, madzi osefukira atadzaza migodi ya Cricket ndi Silver Moon ku Battlefields, pafupi ndi Kadoma, napha okumba golide oposa 20, ziphaso zoyamba za wailesi za m'madera zinali zisanaperekedwe. Zinatuluka mu 2020.

Pomaliza, tikuona kuti wailesi inasunga ulemu wa Chicheŵa pakati pa otchona, koma pa tsoka mtunda wotsiriza wa uthenga unayendedwa ndi anthu okha. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amaŵerengera Chicheŵa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Kuvomerezedwa kotere kudzayesedwa tsiku limene chenjezo lidzafunika usiku m'komboni ya pa mgodi. Ife ofufuza zinenero tili ndi ntchito yofulumira: tipite ku Rimuka ndi ku Pfupajena tikalembe zimene okalamba anamva pa wailesi, zimene sanamve, ndi amene anaŵauza. Amene ankamvera Lusaka ali ana tsopano apitirira zaka 70.