Mkate wa Tirigu ndi Chigumu cha Amayi ku Moatize ndi Zóbuè

Ngakhale Apwitikizi anakhazikika ku Tete kalekale, m'zaka za m'ma 1530, mkate wa tirigu sunafike msanga pamphasa ya munthu wamba, pakuti makolo athu, amene moyo wawo unatsamira pa mapira ndi chimanga, anali nazo kale njira zawo zosangalatsira mlendo ndi kutonthozera mwana. Koma pamene njanji yochokera ku Dona Ana inafika ku Moatize m'chaka cha 1949 kudzanyamula malasha, ndi pamene ansembe achikatolika anasonkhanitsa anyamata ku seminale ya ku Zóbuè, kufupi ndi malire a Mwanza, ufa wa tirigu, shuga ndi chotupitsa zinachuluka m'makantini, ndipo akhuki a m'nyumba za azungu ndi a kumishoni anaphunzira kukanda ufa ndi kusonkha uvuni wa njerwa.

Nzeruyo itafika kumudzi, amayi sanailandire monga inabwerera, koma anaiveka zakwathu. Posowa uvuni, anakhazika mpoto pamakala, naika makala ena pachivundikiro, kuti moto ugwire pansi ndi pamwamba pomwe. Posowa tirigu, amene amalimidwa kumapiri ozizira a Tsangano, anatenga mgaiwa, nthochi zakupsa zofinyafinya, kamchere ndi soda pang'ono, natulutsa chigumu chofiirira, chong'aluka pamsana, chimene fungo lake lokha limaitana ana a pabwalo lonse.  Kwathu kuno kutsekemera kunachokera ku nthochi, ndi ku masau oyanikidwa padzuwa la m'chigwa cha Zambezi. Wofulumira kuvundukula mpoto ankadya chosapsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Miyeso ya chigumuchi inali m'dzanja ndi m'diso, ndipo ndi owerengeka okha, odziwa cholembera, amene anaisunga m'makope a sukulu, othimbirira ndi mafuta. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique itakula, khamu la anthu linathawira ku Malawi, ambiri podzera pa Zóbuè, atasenza ana ndi miphika, osati mapepala. Ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, obwerera anayambanso kuphika ndi zimene mtima unakumbukira.

Chifukwa chake ndikudandaulirani, inu ana a Moatize ndi Zóbuè amene mukali ndi agogo amoyo, khalani nawo pansi kukhitchini, mulembe mwaulemu muyeso uliwonse monga akuunenera, pakuti mawu a akulu amakoma akagonera, koma amagonera okhawo amene wina anawasunga.