Milongoti ndi Maeriyo a Okonda Wailesi: Kuchokera ku Poldhu Kufika ku Arcala

Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 pakhala gulu la anthu amene amamanga ndi kuyendetsa masiteshoni a wailesi pakhomo pawo, osati pofuna malonda kapena kuulutsa mawu kwa anthu onse, koma pofuna kulankhulana okhaokha ndi kuyesa luso lawo. Pa Chingerezi amatchedwa radio amateurs kapena hams, ndipo muno atchedwa okonda wailesi. Chimene wodutsa mumsewu amaona pa nyumba ya munthu wotere si makina otumizira mawu, amene amakhala m'kachipinda, koma eriyo, ndiye kuti waya kapena ndodo zachitsulo zotulutsa ndi kulandira mafunde a wailesi, pamodzi ndi mlongoti woinyamula. Kukula kwa eriyo kumatsatira utali wa funde, umene ndi mtunda wochokera pansonga ya funde limodzi kufika pansonga ya linzake, pakuti eriyo yosavuta kupanga kuposa zonse, yotchedwa dipole, imayenera kutalika theka la funde limene ikutumiza. Mfundo imeneyi ndiyo yakhala ikulamulira maonekedwe a milongoti kwa zaka zoposa 100, moti lamulo kapena sayansi ikasintha utali wa funde, amisiri apakhomowa ankagwetsa zimene anamanga n'kuyamba zina.

Guglielmo Marconi sanali wa gulu limeneli, popeza ntchito yake inali ya kampani yofuna phindu, komabe zimene zinamugwera ku Poldhu, m'dera la Cornwall ku England, ndizo phunziro loyamba pa kamangidwe ka milongoti. M'chaka cha 1901 anaimika kumeneko milongoti yamitengo 20, uliwonse wotalika pafupifupi mamita 60, itandandalikidwa mozungulira, ndipo poti pakati pa bwalolo panadzaza mawaya a eriyo, milongotiyo inamangiriridwa umodzi ku unzake m'malo moti uliwonse ukhale ndi zingwe zokwanira zofika pansi. Pa 17 Seputembala mphepo yamkuntho inaphwasula bwalo lonselo, pakuti mlongoti umodzi utapendekeka unakoka inzake, ndipo mu Novembala milongoti yofanana nayo ku Cape Cod, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, inagwanso. Chizindikiro cha chilembo S chimene Marconi ananena kuti anamva ku St John's, Newfoundland, pa 12 Disembala chaka chomwecho, chinachokera pa milongoti iwiri yokha yoimikidwa mwachangu, ndipo chinalandiridwa ndi waya wokwezedwa m'mwamba ndi kaiti.

Achinyamata a ku America amene anayamba kutsanzira ntchitoyi ankakhulupirira, monga akatswiri ambiri a nthawiyo, kuti funde lalitali ndilo limafika kutali, choncho ankayesetsa kukweza mawaya ochuluka m'mwamba momwe akanathera. Eriyo yofala inali ya mawaya angapo oyalidwa moyandikana, olekanitsidwa ndi timitanda tamatabwa kumapeto kwake, ndipo inkapachikidwa pakati pa chumuni cha nyumba ndi mtengo wa kuseri, kapena pa mlongoti wa matabwa olumikizidwa ndi mabawuti. Sitima ya Titanic itamira mu Epulo 1912, boma la United States linakhazikitsa lamulo lotsekera okonda wailesi ku mafunde osapitirira mamita 200, amene ankaonedwa ngati opanda ntchito, ndipo poyamba zinaonekadi ngati anawatayira kuthengo. Hiram Percy Maxim wa ku Hartford, atalephera kufikitsa uthenga ku mzinda wapafupi wa Springfield popanda kudzera pa siteshoni ya pakati, anayambitsa bungwe la American Radio Relay League mu 1914 kuti mauthenga azipatsiridwa siteshoni ndi siteshoni. Mu Epulo 1917 dzikolo litalowa m'nkhondo, okonda wailesi analamulidwa kutseka masiteshoni ndi kutsitsa maeriyo awo, ndipo sanaloledwe kutumizanso mauthenga mpaka 1919.

Zaka zotsatira ndizo zinaonetsa kuti opanga lamulo aja anapereka gawo lachonde poganiza kuti ndi thanthwe. Chakumapeto kwa 1921 bungwe la American Radio Relay League linatuma Paul Godley ku Britain kuti akamvetsere ngati masiteshoni a anzake a ku America angamveke kutsidya kwa nyanja. Godley anazika tenti m'munda ku Ardrossan, m'mphepete mwa nyanja ku Scotland, ndipo eriyo yake inali yosiyana kotheratu ndi zimene anzakewo ankamanga: chingwe chimodzi cha waya chotalika pafupifupi mamita 400, chopachikidwa pa timitengo tosakwana mamita anayi, cholozetsedwa ku America, malinga ndi nzeru imene anapatsidwa ndi Harold Beverage atakumana naye m'sitima popita. Anamva masiteshoni oposa 20, kuphatikizapo 1BCG ya ku Greenwich, Connecticut. Mu Novembala 1923 Léon Deloy wa ku Nice ku France analankhulana ndi Fred Schnell ndi John Reinartz a ku Connecticut pa funde la mamita pafupifupi 100, ndipo mu Okutobala 1924 Cecil Goyder, mnyamata wa pa siteshoni ya sukulu ya Mill Hill ku London, analumikizana ndi Frank Bell wa ku New Zealand, kumene kuli pafupifupi kuseri kwenikweni kwa dziko lapansi.

Chifukwa cha zimenezi chinali kumwamba. M'mlengalenga muli magawo a mpweya wokhala ndi mphamvu ya magetsi, otchedwa ionosphere, amene amabweza mafunde aafupi pansi monga kalilole amabwezera kuwala, ndipo Edward Appleton anatsimikizira kukhalapo kwake poyesa kumapeto kwa 1924. Funde lonyamuka mopendekera pafupi ndi nthaka ndilo limalumpha mtunda wautali lisanagwe, ndipo kuti eriyo yopingasa itulutse funde lotero imafunika kukwezedwa theka la utali wa funde kapena kupitirira. Pa mamita 200 zimenezi zikanafuna mlongoti wa mamita 100, umene munthu wamba sakanaukwanitsa, koma msonkhano wa mayiko wa ku Washington mu 1927 utapatsa okonda wailesi zigawo za mamita 160, 80, 40, 20 ndi 10, munthu wogwiritsa ntchito mamita 20 anapeza kuti waya wa mamita khumi wokwezedwa mamita khumi ungathe kumufikitsa kumakontinenti ena.

Eriyo itafupika chotero, zinatheka kuipanga ndi ndodo zolimba ndi kuizunguza. Mu 1926 Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi a pa yunivesite ya Tohoku ku Sendai, Japan, anafotokoza eriyo ya ndodo zingapo zopingasa pa mtanda umodzi, pamene ndodo imodzi yokha ndiyo imalumikizidwa ku makina, ya kumbuyo imabweza mphamvu ndipo za kutsogolo zimailondolera mbali imodzi. Yagi ndiye anailemba m'Chingerezi mu 1928, choncho dziko linaitcha Yagi, ngakhale gawo lalikulu la kuyesa linali la Uda, amene dzina lake limaiwalika mosayenera. Eriyo yotere imafunika kuloza kumene uthenga ukupita, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha okonda wailesi ankagula motchipa mamota otsala a ndege zankhondo, amene ntchito yawo inali kupotoza mapiko a pulopela, n'kuwasandutsa zozunguzira maeriyo, popeza anali ndi magiya oyenda pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Mtundu wina unabadwira ku Quito, Ecuador, mu 1942, kumene Clarence Moore, wokonda wailesi amene ankagwira ntchito pa siteshoni ya mishoni ya HCJB, anaona kuti nsonga za ndodo zikusungunuka chifukwa magetsi ankathetheka mu mpweya wopepuka wa kumapiri, ndipo anapinda wayayo kukhala wa mbali zinayi wopanda nsonga, eriyo imene lero imatchedwa cubical quad.

Apa ndi pamene vuto linachoka pa waya n'kupita pa mlongoti, pakuti eriyo yozungulira ndi katundu wolemera wokhala pansonga, wogwira mphepo ndiponso wopotokola chimene chaunyamula. Matabwa analowedwa m'malo ndi chitsulo, makamaka chifukwa kufala kwa wailesi ya kanema ku America kunabweretsa milongoti yotchipa ya pakhomo, monga ya kampani ya Rohn ya ku Peoria, Illinois, imene inayamba mu 1948. Mtundu wake wotchuka, Rohn 25, uli ndi miyendo itatu ya mapaipi yolumikizidwa ndi timitanda tokhotakhota, m'lifupi mwake masentimita oposa 30 pang'ono, ndipo umabwera m'zigawo za mamita atatu zomizidwa mu zinki kuti zisachite dzimbiri. Kaimikidwe kake sikanasinthe kwenikweni. Chigawo choyamba chimazikidwa mu konkire, ndipo konkireyo ikauma wokwera amamangirira pansonga paipi yaitali yokhala ndi kagudumu kodutsamo chingwe, yotchedwa gin pole. Anzake ali pansi, ataima patali ndi pamene chinthu chingagwere, amakoka chigawo chotsatira mpaka chitalendewera pamwamba pa mutu wake, iye n'kulowetsa miyendo itatuyo m'malo mwake, kuloza mabowo ndi chitsulo chosongoka, kumanga mabawuti, kenako kukweza paipi ija kuti ntchito ibwerezedwe. Zingwe zachitsulo zogwira mlongoti zimapita mbali zitatu zotalikirana mofanana, anangula ake amakumbidwa pa mtunda wokwana pafupifupi magawo 80 pa 100 a msinkhu wa mlongoti, ndipo chingwe chilichonse chimakungidwa kufika gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene ingachidule, chifukwa chikakhwepa mlongoti umagwedezeka, ndipo chikakungika mopitirira chimaupanikizira pansi mpaka miyendo kupindika. Mawerengero onsewa amachokera pa mfundo yakuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake pa eriyo imawirikiza kanayi.

Kusamalira mlongoti ndi ntchito yosatchuka koma yoopsa kuposa kuuimika, chifukwa zimene zimauwononga zimabisala. Madzi olowa m'miyendo ya mapaipi, akasowa potulukira pansi, amadya chitsulo kuchokera m'kati, ndipo kumayiko ozizira amaundana n'kung'amba paipiyo. Ndodo za anangula zimachita dzimbiri m'munsi mwa nthaka pamene diso silifika, moti woyendera wanzeru amafukula dothi kuti aone khosi la nangula asanakwere. Mphenzi imafuna kuti mwendo uliwonse ulumikizidwe ndi waya wokhuthala wa kopa ku ndodo zokhomeredwa pansi. Nthawi yoopsa kwambiri ndi yosintha zingwe kapena yotsitsa mlongoti wakale, pakuti chingwe chimodzi chikamasulidwa popanda china chogwirizira, zotsalazo zimakokera mlongoti mbali yawo wokwera ali pamwamba. Ngakhale akatswiri olipidwa anagwa m'mbuna imeneyi: mlongoti wa wailesi ya dziko la Poland ku Konstantynów, wotalika mamita 646, umene unali chinthu chachitali kuposa zonse zomangidwa ndi anthu pa nthawiyo, unagwa pa 8 Ogasiti 1991 pamene ankasintha zingwe zake.

Milongoti yachitsulo inabweretsanso mikangano ndi oyandikana nawo nyumba ndiponso makhonsolo, ndipo mu 1985 bungwe la boma la United States la Federal Communications Commission linapereka chigamulo chotchedwa PRB-1, cholamula kuti maboma aang'ono azipereka mpata woyenera kwa okonda wailesi m'malo moletseratu maeriyo, ngakhale chigamulocho sichinakhudze mapangano a eni malo okhalamo. M'dzikolo mlongoti wopitirira mamita 61 umafunikabe kudziwitsidwa kwa oyang'anira za ndege.

Pa chigawo cha mamita 160, chimene chili pafupi ndi malire a 1912 aja, ambiri amakhutira ndi waya kapena mlongoti woimirira umene umakhala eriyo pawokha, chifukwa ndodo imodzi ya Yagi pa funde limeneli imayandikira mamita 80. Gulu la okonda wailesi la Radio Arcala, la chizindikiro cha OH8X, kufupi ndi Oulu kumpoto kwa Finland, linayesa zimene ena ankaziona zosatheka, ndipo cha m'ma 2008 linaimika mlongoti wozungulira wa mamita 100 wonyamula Yagi ya ndodo zitatu ya mamita 160 pamodzi ndi ina ya mamita 80, zonse pamodzi zolemera matani pafupifupi 40, mtanda wake uli waukulu moti munthu ankatha kuyendamo. Unagwira ntchito zaka zisanu, ndipo mu Disembala 2013 mphepo yamkuntho inaugwetsa, osavulaza munthu.