Mudzi Wopanda Munda: Anthu a M'mabwato a ku England

Pamene James Brindley anatsiriza kukumba ngalande ya Duke of Bridgewater m'chaka cha 1761, kuti malasha a ku migodi ya Worsley azifika ku Manchester pamadzi, mtengo wa malasha m'mzindawo unatsika ndi theka. Ndipo eni chuma, ataona phindu lotere, anatumbula dziko lonse ndi ngalande, nasema mabwato aatali mamita 21 koma opapatiza mamita 2 okha, kuti azikwana pa zipata zokwezera ndi kutsitsira madzi. Kavalo mmodzi, woyenda m'mphepete ndi chingwe, ankakoka katundu wolemera matani oposa 20.

Poyamba woyendetsa bwato anali ndi nyumba kumtunda monga munthu aliyense. Koma njanji itatsegulidwa pakati pa Liverpool ndi Manchester m'chaka cha 1830, nifalikira m'dziko lonse, malipiro a pamadzi anagwa, kotero kuti mwamuna, posowa ndalama ya lendi ndi yolipira wantchito, anatenga mkazi wake ndi ana ake nawalowetsa m'bwato, kuti mayi agwire chiwongolero, mwana atsogolere kavalo. Ndi umphawi umene unawatsitsira pamadzi, ndipo ichi tisachiiwale poona kukongola kwa mabwato awo.

Kachipinda ka kumbuyo kwa bwato, kosapitirira mamita 3 m'litali, ndiko kanali khomo lonse: mbaula pafupi ndi chitseko, kabati amene chitseko chake chikatsitsidwa chinkasanduka tebulo, ndi kama wopindira kukhoma usana. M'menemo ankabadwiramo, kudwaliramo ndi kutsirizikiramo. Komabe amayi aja, amene a kumtunda ankawanyoza kuti ndi auve ndi osaphunzira, ankapukuta mkuwa mpaka kunyezimira, napachika mbale zamaluwa m'makoma, ndipo pa zitseko ndi pa zitini zotungira madzi pankajambulidwa maluwa ndi nyumba zachifumu. Ine ndiyesa kuti munthu wokongoletsa chotere malo opanikiza akunena poyera kuti ulemu wake sanausiye kumtunda.

Popeza anali onyozeka kwa ena, anagwirana okhaokha. Ankakwatirana m'mabwato momwemo, kufikira maina a mabanja owerengeka anadziwika kuyambira London mpaka Birmingham. Ndipo pokhala osadziwa kulemba, uthenga wa ukwati, wa matenda kapena wa maliro unkafuulidwa pamene mabwato awiri akudutsana, nuyenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kwa mwini wake. Mudzi wawo unalibe bwalo kapena munda, koma unali ndi malo okumanira, monga Braunston ndi Hawkesbury Junction, kumene ankamangirira mabwato moyandikana podikira katundu. Ngalande ikaboola phiri, kavalo ankadzera pamwamba, pamene amuna awiri, atagona chagada pa matabwa, ankakankha makoma ndi mapazi mumdima, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Owachitira chifundo analipo. George Smith wa ku Coalville, amene iye mwini anasenza dongo pa ntchito youmba njerwa ali mwana, anadandaulira Nyumba ya Malamulo kosalekeza, kufikira malamulo a 1877 ndi 1884 analamula kuti mabwato okhalamo anthu alembedwe ndi kuyenderedwa, ndi kuti ana aphunzire. Koma mwana wogona pano lero, mawa kwina, sukulu ankaiona mwa apo ndi apo. Ku Stoke Bruerne kunali Mary Ward, amene kwa zaka zambiri anamanga zilonda za anthu a m'mabwato ndi kubereketsa akazi awo, nalandira mendulo ya ulemu m'chaka cha 1951.

Chimene njanji inasiya, magalimoto anatsiriza. Ndipo chisanu choopsa cha 1962 ndi 1963, chimene chinaumitsa ngalande kwa milungu yambiri mabwato ali chiimire ndi katundu, chinabalalitsa mabanja ambiri otsala. Ngalandezo zikadakwiririka, pakadapanda L. T. C. Rolt ndi Robert Aickman, amene anayambitsa Inland Waterways Association m'chaka cha 1946 kuti azitchinjirize.

Lero Canal & River Trust, yokhazikitsidwa mu 2012, imayang'anira ngalande ndi mitsinje yotalika pafupifupi mamailo 2,000, ndipo anthu abwereranso kukagona pamadzi, ena pokonda bata, ambiri a ku London pothawa kukwera mtengo kwa nyumba. Amene ali ndi ndalama amalipira malo pa doko, kumene oyandikana amabwerekana zida, kuyang'anirana zingwe mphepo ikauka, ndi kugogoda pa bwato limene utsi sunatuluke m'mawa wachisanu. Amene alibe malo otere, lamulo la 1995 limawauza kuti asakhale pamalo amodzi kupitirira masiku 14. Motero amamasula zingwe nasuntha, ntchito ndi sukulu ya ana zili m'mbuyo, ndipo mmodzi akadwala pa tsiku losamuka, mnansi wake ndiye amamuyendetsera bwato.