Masekondi 32 a ku Mbuzini

Kuchokera kuno ku Nthalire, tauni ya Mbala ku Zambia si kutali kwenikweni. Ili kuseri kwa malire a boma lathu la Chitipa, chakufupi ndi nyanja ya Tanganyika. Kumeneko ndi kumene ndege ya Tupolev Tu-134 inanyamukira madzulo a pa 19 Okutobala 1986, itatenga Pulezidenti Samora Machel pobwerera ku Maputo kuchokera ku msonkhano wa atsogoleri anzake. Ku Maputoko sinafike.

Usiku woyendetsa ndege saona njira. Amatsata wayilesi ya pansi yotchedwa VOR, monga msodzi wa ku Nkhotakota amalunjika kuwala kwa padooko, ndipo wayilesi iliyonse ili ndi nambala yake imene amaitchera pa chipangizo cha m'ndege. Ya ku Maputo inali 112.7, pomwe ya ku Matsapa m'dziko la Swaziland inali 112.3. Ana athu a ku madrasa angamve msanga: baa ndi nuni zimasiyana ndi malo a kadontho kamodzi, koma mawu amasanduka ena.

Ikutsika, ndegeyo inakhotera kumanja madigiri 37 nthawi isanakwane, n'kulunjika mapiri a Lebombo. Komiti ya South Africa yotsogozedwa ndi woweruza Cecil Margo inati mwina oyendetsa anatchera Matsapa mosazindikira. Akatswiri a Soviet Union anakana, nati panali wayilesi yonyenga yoikidwa dala. Boma la tsankho limene linkathandiza Renamo si mboni yoikhulupirira mopepuka, ndipo ngakhale komiti ya choonadi imene inkatsogozedwa ndi Desmond Tutu sinathe kudula mlanduwu.

Komabe chilipo chimene makina ojambula mawu a m'chipinda cha oyendetsa anasunga. Atalephera kuona magetsi a mzinda, oyendetsawo sanakayike njira yawo. Anaganiza kuti ku Maputo magetsi azima, napitiriza kutsika mumdima. Kenaka belu lochenjeza kuti nthaka yayandikira linalira masekondi 32, ndege osaikweza. Werengani pang'onopang'ono mpaka 32, muone kutalika kwake. Amenewa sanali ophunzira; kaputeni Yuri Novodran anali atauluka zaka zambiri. Ife tikuona kuti ngozi imene timaiopa kwa woyendetsa wachilendo inawapeza kudzera m'chizolowezi: analeka kufunsa. Wosokera chibula akauzidwa ali pakati pa swala amatembenuka pomwepo, sadikira kuti atsimikize amene wamusokeretsa.

Ndegeyo inagunda phiri ku Mbuzini, m'dziko la South Africa, 9 koloko usiku itangodutsa. Anthu 35 anataya moyo. Pa 19 Januwale 1999, Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano anatsegula chipilala pamalopo: mipope yachitsulo 35 yoimirira, imene imalira mphepo ikamawomba.