Kapinga wauma, bilu yakwera: kasamalidwe ka pabwalo m'nyengo yotentha

Kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba chakumapeto kwa chaka, pabwalo pa nyumba zambiri m'tauni muno pamangokhala fumbi. Kapinga amauma, maluwa amafota, ndipo madzi pampopi amabwera mwa apo ndi apo. Iyi ndi nyengonso imene alendi amayambana ndi alandilodi pa nkhani ya bilu ya madzi, chifukwa wina akuthirira maluwa pomwe mnzake alibe osamba. Nazi zofunika kudziwa kuti pabwalo pasawonongeke, m'thumba namonso musabooke.

Kapinga wouma sanafe ayi

Ambiri akaona kapinga wasanduka wofiira amaganiza kuti basi watha. Zoona zake n'zakuti kapinga amakhala ngati wagona. Masamba amauma koma mizu ndi timitsitsi toyanga pansi timakhala tamoyo, ndipo chizimalupsa chikangogwa amaphukanso. Chimene chimamupha ndi kupondapo tsiku ndi tsiku, kuimikapo galimoto, kapena kumutchetcha mpaka dothi kuoneka. Ngati mukutchetcha ndi chikwakwa kapena makina, musachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwake. Udzu wautaliko umaphimba nthaka, chinyezi sichithawa msanga. Feteleza monga yuriya musathire pa kapinga wouma, amangomuwotcha. Dikirani mvula.

Madzi amafunika ochuluka bwanji?

Kuti kapinga akhale wobiriwira m'chilimwe amafuna malita pafupifupi 25 pa sikweya mita iliyonse pa sabata. Tiyeni tiwerengere. Bwalo la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi lifuna malita 2,500 pa sabata, zomwe ndi ndowa 125 za malita 20. Pa mwezi ndi malita 10,000. Ngati muli pa mita yolipiriratu, mudziwa nokha mmene mayunitsi athere. Ndiye nzeru yake ndi kusankha: kachigawo kakang'ono ka kukhomo muzikathirira, kwinako kusiyeni kugone.

Mukathirira, thirirani mokwanira kamodzi kapena kawiri pa sabata kuti madzi alowe pansi, mizu iwatsatire. Kuwazawaza pang'ono tsiku lililonse kumachititsa mizu kukhala pamwamba, ndipo dzuwa likaswa mtengo imapsa. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kusanatenthe, kapena madzulo dzuwa litapepa. Masana madzi ambiri amangouma asanafike ku mizu.

Mitengo ikhale patsogolo

Kapinga akawonongeka amabwerera m'masabata ochepa, koma mtengo wa mapeyala kapena mandimu ukauma mwataya zaka. Mitengo yaing'ono, imene sinakwanitse zaka ziwiri, ndiyo iyambe kulandira madzi. Ikonzereni kabeseni kozungulira tsinde, thiranimo ndowa imodzi kapena ziwiri pa sabata, kenako phimbirani ndi masamba kapena udzu wouma wokhuthala masentimita 5 mpaka 8. Zophimbirazo zisakhudze tsinde, chifukwa chiswe chimalowera pomwepo. Njira ina yotchipa ndi kutenga botolo la pulasitiki la malita 2, kulibowola timabowo pansi, n'kulikwirira pafupi ndi mizu. Madzi amatuluka pang'onopang'ono osatayika.

Madzi ogwiritsa kale ntchito

Madzi otsukuluzira zovala, osambira ndi otsukira ndiwo zamasamba musataye m'ngalande. Nthochi, maluwa ndi kapinga zimamwa bwinobwino. Koma madzi amene muli Jik, mafuta ambiri kapena ochapira matewera asapite ku mbewu. A sopo wambiri musamathire malo amodzimodzi chifukwa mchere wake umaunjikana m'nthaka, ndipo musathire pa ndiwo zodya zosaphika monga letesi. Agwiritseni ntchito tsiku lomwelo, akagona amanunkha. Migolo yosungira madzi muzivundikira, apo ayi mwaweta udzudzu pakhomo, komanso ana ang'onoang'ono akhoza kugweramo.

Tsache ndi moto

Kusesa m'mamawa ndi chikhalidwe chathu, palibe angakane. Vuto ndi kusesa dothi lenilenilo. Tsache likamadutsa tsiku ndi tsiku limachotsa nthaka ya pamwamba, mpaka mizu ya mango ndi maziko a nyumba zimayamba kuonekera. Sesani mopepuka, kuchotsa zinyalala zokha.

Masamba musawotche. Kumbani dzenje kuseri kwa nyumba, muziponyamo masamba, makoko a nthochi ndi phulusa pang'ono la pambaula, n'kumawazako madzi. Pakatha miyezi ingapo muli ndi manyowa aulere. Moto wa zinyalala mu Okutobala si wosewera nawo: kamvuluvulu akangodutsa, mpanda wa udzu wa aneba wapita, ndipo mukasakaniza mapulasitiki utsi wake umavutitsa ana ndi odwala mphumu. Udzu wautali wa m'mbali mwa mpanda udulidwe, chifukwa ndi mobisalamo makoswe, ndipo pomwe pali makoswe njoka sizichedwa.

Mvula isanagwe

Chakumapeto kwa Okutobala chotsani dothi ndi majumbo m'ngalande za pakhomo ndi za kumsewu. Nthambi zouma zimene zili pamwamba pa denga zidulidwe, koma zimene zayandikira mawaya a magetsi musakwere nokha, itanani a ESCOM. Malo amene kapinga anatheratu tipulani pang'ono, thiranipo manyowa aja, ndipo mvula ikakhazikika dzalani timitsitsi ta kapinga topempha kwa aneba. Nthaka yopanda chophimba ndi imene imakokoloka ndi mvula yoyamba n'kukatseka ngalande za anzanu a kumunsi.