Ombwe ndi mfuko

Kale ntchito yaikulu ya ombwe, amene ena amati mthuthu, inali kumtsinje. Madzi akaphwa cha mu Okutobala, anthu ankasinja masamba ake n'kukawakhuthulira m'dziwe. Posakhalitsa nsomba zinkayandama mimba zili m'mwamba, zazikulu ndi tiana tomwe. Ndiwo zinkapezeka ndithu, koma dziwelo linkatsala lopanda kanthu. Lamulo la za nsomba la 1997 limaletsa usodzi wa mankhwala, ndipo ine ndimati linachita bwino.

Akatswiri a zomera anapatsa chitsambachi dzina lakuti Tephrosia vogelii mu 1849, pokumbukira Theodor Vogel, Mjeremani amene anamwalira mu 1841 ali pa ulendo wofufuza mtsinje wa Niger. Anachiika m'banja la nandolo ndi nyemba, ndipo mukaona makoko ake aubweya aja simungatsutse. Monga abale akewo, chimabwezera chonde m'nthaka. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1990 a bungwe la ICRAF ku Makoka ankalimbikitsa alimi kuchidzala pamodzi ndi chimanga.

Kumundako ombwe anapeza mdani wakale wa mlimi. Mfuko simuiona, mumangoona timilu ta dothi latsopano, kenako chinangwa chofota, mukachizula n'kupeza pansi padyedwa kale. Wilhelm Peters anailemba mu 1846 ataipeza ku Tete, naitcha Heliophobius argenteocinereus. Anyamata amaikumba ngati mbewa, koma pa ubale ili pafupi ndi ntchenzi ndi nungu kuposa khoswe. Imakhala yokha mu una wake, ndipo imakumba ndi mano, milomo itatsekeka kumbuyo kwa manowo kuti dothi lisalowe m'kamwa.

Bungwe la IUCN limaika mfuko m'gulu la nyama zosadetsa nkhawa. Ombwe nayenso sali pafupi kutha, poti anafika mpaka ku Asia. Choncho palibe chifukwa chowamvera chisoni awiriwa. Wofunika kumuganizira ndi mwini chinangwa. Ku Zambia ofufuza anapeza kuti minda yodzalidwa ombwe mfuko siyiononga kwambiri.

Chenjerani pa mbewu pokha. Kafukufuku wa ku Malawi anasonyeza kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri yofanana m'maso, wina wopanda mphamvu yopha tizilombo. Inu olima chinangwa ndi mbatata, kapempheni mbewu kwa mnzanu amene ombwe wake anamugwirira kale ntchito, mudzale m'malire mvula ikayamba.